Zakumudzi Zikafika pa Wenela

Basi yochokera ku Mzuzu ikaima pa Wenela mu Blantyre mbandakucha, si anthu okha amene amatsika. Amatsitsanso matumba olembedwa dzina ndi nambala ya foni: ufa wa kondowole wa ku Nkhata Bay, usipa wouma, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, nthawi zina mkoko wa nthochi zosapsa. Thumba lotere sadya yekha mwini wake. Uthenga umafika msanga kwa abale ku Chilomoni, Ndirande ndi Bangwe: "Loweruka mubwere, zakumudzi zafika."

Tsikulo, wophika kondowole samusankha mwachisawawa. Ufawu ntchito yake idayambira kunyanja, kumene chinangwa amachisenda n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kenako kuyanika ndi kusinja. Nsima ya chimanga imayamba ndi phala, koma kondowole ayi. Madzi akawira, mayi amaphula mphika, amaupana ndi mapazi, n'kuthira ufa, kenako kuvundula ndi mphamvu zonse mpaka nsima ikoke ngati ulimbo. Mthiko wofooka umathyoka, ndipo wophika wa manja aulesi amadziwika ndi mibulu.

Ndiwo zake n'zodziwika: nsomba ya msuzi wambiri ndi chigwada, masamba a chinangwa chomwecho osinja mumtondo. Akakhalapo a ku Karonga, pambali pamakhala mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe.

Akulu ndiwo amayamba kusamba m'manja. Mbamu ziwiri zitatu zikatsika, Chichewa cha m'tauni chimayamba kuchepa, pakhonde n'kumveka Chitonga, Chitumbuka ndi Chinkhonde. Wina amakumbuka gule wa kwawo wa malipenga, wina gule wa chilimika wa pa Chaka Chatsopano. Ana obadwira ku chipatala cha Queens, amene mwina nyanja sadaionepo, amasekedwa akamalimbana ndi nsima yomata zala, ndipo agogo amawalangiza: "Imeneyi satafuna, mdzukulu wanga. Viika mumsuzi, umeze." Phunziro la komwe adachokera limayambira pomwepo.

Mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika nsima ya ku Malawi m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Koma kaundula sagwira mthiko. Inu a kumpoto okhala mu Blantyre, thumba likadzafikanso musadzatume mwana kukasewera. Mudzamuitane, apane mphika, avundule yekha.