Kuchokera kwa Kalulu Mpaka kwa Komana: Ngwazi Zopeka Zimene Zimatikhala Mumtima

Pa 20 July 2023 kampani ya Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, makatuni amene anayambitsa ndi mlembi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhani yake imachitikira mu Lusaka wam'tsogolo. Atsikana anayi a kusekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amasankhidwa ndi Mama K, mayi wachikulire amene kale anali kazitape, kuti ateteze mzinda wawo kwa zigawenga. Mwa anayiwa palibe amene anabadwa ndi mphamvu zamatsenga kapena amene anatsika kuchokera kudziko lina. Chuma chawo ndi luso la aliyense, zida zimene apatsidwa ndi mtima wosagwa mphwayi, ndipo nkhondo ikatha amabwerera ku homuweki ndi ntchito zapakhomo. Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. M'nkhani zopeka za sayansi ndi za zodabwitsa, mpangankhani amene anthu amamusunga mumtima sakhala wamphamvu woposa onse. Amakhala amene ali ndi zochepa koma amadziwa kuzigwiritsa ntchito. Ngwazi yamtunduwu anthu a kuno anaikonda kalekale, ndipo ali ndi zifukwa zokwanira zoilembera okha, m'chilankhulo chawo.

Mitundu iwiri ya nkhanizi imasiyana pang'ono. Nkhani ya zodabwitsa imamasula dziko ku malamulo ake: nyama zimalankhula, mizimu imayenda pakati pa anthu, mphete imabisa woivala. Nkhani yopeka ya sayansi imatenga chimene chikudziwika lero, kaya ndi makina, mankhwala kapena ulendo wa m'mlengalenga, n'kufunsa kumene chingatifikitse mawa. Mtundu woyambawo si wachilendo kwa aliyense amene anamvapo nthano madzulo. Ngwazi ya nthano zathu si Mkango kapena Njovu. Ndi Kalulu, kanyama kosafika n'pabondo pomwe, kamene kanamangirira Njovu ndi Mvuu ku chingwe chimodzi n'kuzisiya zikukokana, iliyonse ikuganiza kuti ikulimbana ndi Kalulu. Ndipo Kaluluyo akayamba matama, womugonjetsa amakhala Kamba, wochedwa kuposa onse. Palinso Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankayenera kuthawira m'nyumba mvula ikamabwera. Ana amamumvera chisoni mpaka lero chifukwa cha kufooka kwakeko. Zinjoka zoopsa tili nazo, Napolo amene anthu anamutchula pa chigumula cha ku Zomba mu 1946, ndi Nyami Nyami wa mu Zambezi amene Atonga anati ndiye anakwiya pamene madzi osefukira anasokoneza ntchito yomanga damu la Kariba mu 1957 ndi 1958. Amenewa timawaopa ndi kuwalemekeza, koma mwana sanena kuti akufuna kudzakhala Napolo.

Chimodzimodzinso kunja. Superman anatulukira mu 1938 ali ndi mphamvu zopanda malire, moti olemba ake anachita kumupangira mwala womufooketsa, chifukwa munthu wosagonjetseka sachedwa kutopetsa owerenga. Spider-Man, amene anabwera mu 1962, ndi mwana wamasiye woleredwa ndi achibale, amavutika kupeza ndalama ya lendi, anadzisokera yekha chovala ndi kudzipangira yekha kachida koponyera ulusi. Mu The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien, imene inasindikizidwa mu 1954 ndi 1955, muli mafumu ndi asilikali ochuluka, koma katundu wolemera koposa anasenza ndi Frodo, kamunthu kakafupi koyenda opanda nsapato, mothandizidwa ndi Sam, wosamalira maluwa. Binti, wa m'buku la Nnedi Okorafor la mu 2015, ndi mtsikana wachihimba amene amapita ku yunivesite ya kudziko lina atadzola dothi lofiira la kwawo, ndipo chomupulumutsa ndi masamu ndi luso loyanjanitsa adani. Ngakhale mu Black Panther ya mu 2018, ambiri anatuluka akukamba za Shuri, mlongo wake wa mfumu, amene amapanga zida zonse zimene mfumuyo imadalira. Chifukwa chake n'chosavuta: womvera nkhani amafuna khomo lolowera. Mphamvu zakumwamba sangazitengere, koma mantha, umphawi ndi kulimbikira amazidziwa, ndipo kudzera mwa izo amadziona yekha m'nkhaniyo.

Mu Lusaka ngwazi yotereyi sichita kufunidwa patali. Ku Heavy Industrial Area, cha ku msewu wa Mungwi kumene kuli fakitale ya Zambian Breweries, mathiraki amadutsana tsiku lonse kutuluka m'mipanda ya mafakitale akuluakulu. Koma m'mbali mwa misewu muli mafakitale ena opanda denga. Wowotcherera amadula diramu lakale ndi chopukusira, nthethe za moto zikuthetheka, n'kutulutsamo mbaula kapena chowotchera nyama. Makanika amamasula injini ya thiraki pa katoni yoyala pansi, mabawuti atawaika m'chigubu chodula pakati kuti asasowe, ndipo chitsulo chimene m'sitolo mulibe amachisula yekha. Ana a anthu amenewa ndiwo amapinda mawaya kupanga galimoto zokhala ndi chiwongolero chachitali. N'chifukwa chake Komana, amene pa atsikana anayi aja ndiye wokonda kupanga ndi kukonza zipangizo, samveka wachilendo kuno. N'chifukwa chakenso mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina a magetsi oyendera mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotola, inamveka ngati nthano chikhalirecho ndi yoona.

Mzinda wa Lusaka unalinso ndi munthu weniweni amene anasanduka mpangankhani. Edward Mukuka Nkoloso, wobadwa mu 1919, anamenya nawo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anakhalapo mphunzitsi, ndipo anamangidwapo ndi atsamunda pomenyera ufulu. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe lake la sayansi ndi kafukufuku wa zam'mlengalenga. Pafamu ina kunja kwa Lusaka anasonkhanitsa achinyamata n'kumawaphunzitsa za ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Wophunzira ankalowa m'diramu la mafuta, anzake n'kuligubuduza pachitunda kuti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo. Ena ankakwera katungwe, ena kuyenda ndi manja miyendo ili m'mwamba. Chombo chake anachitcha D-Kalu 1 polemekeza Kenneth Kaunda, ndipo ankafuna kuti chinyamuke mu 1964, chaka cha ufulu wa Zambia. Woyamba kupita ku Mars anayenera kukhala mtsikana, Matha, pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale, amene anachenjezedwa kuti asakakakamize chipembedzo pa anthu a kumeneko. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, ophunzira anabalalika, chombo sichinauluke.

Ena amati munthu ameneyu anangochititsa dziko manyazi, ndipo kumutukula lero n'kuthandiza amene ankatiseka. Kuseka kunalipodi, atolankhani akunja anamujambula ngati chidole. Komabe akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Chenjezo lija kwa mmishonale silichokera m'mutu wosokonekera. Likuchokera kwa munthu amene anaona mmene alendo analowera m'dziko lake, ndipo Namwali Serpell, polemba za iye mu The New Yorker mu 2017, anafunsa ngati Nkoloso sankawanyogodola atsamundawo mwadala. Kaya ankatero kaya ayi, chimene anasiya ndi chithunzi cha mtsikana wa ku Zambia akukonzekera ulendo wa m'mlengalenga pa nthawi imene ambiri sankamuyembekezera n'komwe kumaliza sukulu. Chithunzicho chabereka zambiri: buku la zithunzi la Cristina de Middel mu 2012, kanema wamfupi wa Nuotama Bodomo mu 2014, ndi The Old Drift, buku la Serpell la mu 2019 limene linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. M'bukuli Matha, loto lake litasweka, amalira kwa zaka zambiri osaleka, koma mdzukulu wake Jacob, wokulira ku Kalingalinga, amatola zipangizo zotayidwa mpaka kupanga tindege ting'onoting'ono tonga udzudzu. Owerenga amawakonda awiriwa chifukwa mwa iwo kulephera kwa agogo kumasanduka mbewu ya mdzukulu.

Chitsutso china n'cholemera kuposa pamenepa. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi mu Kariba mpaka makomo ambiri mu Lusaka, kuyambira ku Kabwata mpaka ku Chelstone, ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo owotcherera ankangoyang'ana makina ali zii. Kholo lingafunse kuti mwana akapindulanji ndi nkhani za zombo za m'mlengalenga pamene ufa wakwera mtengo. Yankho ndi lakuti nthano siphika nsima, koma imasankhira mwana ntchito imene adzaione kuti ndi yotheka kwa iye. Pamene Star Trek inayamba mu 1966, Nichelle Nichols, mayi wakuda, ankasewera ngati Uhura, mkulu woona za mauthenga m'chombo. Atafuna kusiya, Martin Luther King anamulimbikitsa kuti apitirize chifukwa ana akuda ankamuona. Mmodzi mwa ana amenewo anali Mae Jemison, amene mu 1992 anakhala mkazi woyamba wakuda kupita m'mlengalenga, ndipo iye mwini ananena kuti Uhura anamukopa. Vuto la magetsi lidzathetsedwa ndi mainjiniya, ndipo injiniya amayamba ngati mwana amene anakhulupirira kuti makina ndi chinthu chimene iyenso angatsegule n'kuchimvetsa. M'mera mpoyamba.

Palinso makolo ndi atsogoleri a mipingo amene amaona kuti nkhani za zodabwitsa zimakometsera ufiti. Nkhawa yawo siyenera kusekedwa, chifukwa m'madera athu mphekesera za ufiti zawonongetsa nyumba za okalamba ndi kuphetsa anthu osalakwa. Koma amene amaponya miyala kwa gogo sachita zimenezo chifukwa anawerenga buku. Amatero chifukwa sanaphunzire kusiyanitsa chopeka ndi chochitika, ndipo nthano ndiyo sukulu yoyamba ya kusiyanitsako. Wofotokoza akati padangokhala, omvera n'kuyankha kuti tili tonse, onse agwirizana kuti alowa m'dziko longoyerekeza limene adzatulukemo nthano ikatha. Tikumbukirenso kuti Tolkien anali Mkatolika wopemphera, mnzake C.S. Lewis analemba nkhani za Narnia ndi mtima wachikhristu, ndipo buku la John Bunyan la mu 1678 lonena za ulendo wa Mkhristu, limene amishonale analimasulira m'zilankhulo zambiri za mu Africa, ladzaza ndi ziwanda ndi zimphona. Choyenera kuunika kholo si chakuti m'nkhanimo muli chodabwitsa, koma chimene ngwaziyo imachita ndi mphamvu imene yapeza: imatetezera ofooka kapena imawadyera masuku pamutu?

Chitsutso chimene ndikuchivomera kwambiri n'chokhudza chilankhulo ndi mtengo. Supa Team 4 imalankhula Chingerezi, ndi mawu akwathu apo ndi apo, ndipo kuti uione pafunika intaneti ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angaione mosavuta kuposa mwana wa wowotcherera uja, amene nkhaniyo ikanamupindulira koposa. The Old Drift ndi buku lalikulu la Chingerezi chozama. Ku Malawi, Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 m'tsogolo, natsogoleranso kutulutsa Imagine Africa 500, gulu la nkhani za olemba osiyanasiyana, koma onsewa ndi a m'Chingerezi. Komatu vuto limeneli silikutiuza kuti tisiye nkhanizi. Likutiuza kuti ntchito yangofika pakati. Kanema wa Chiwetel Ejiofor wa mu 2019 wonena za Kamkwamba analankhula Chichewa m'mbali zambiri ndipo dziko lonse linamuonera. Wailesi imafika kumene intaneti sifika, ndipo sewero la pawailesi silifuna ndalama zomangira chombo, limangofuna mawu ndi phokoso. Timabuku tazithunzi tingasindikizidwe motchipa n'kugulitsidwa pamsika ndi m'masukulu.

Choncho olemba Chichewa ndi Chinyanja asadikire kuti kampani yakunja iwalole kulota. Zofunika zonse zilipo: nthano zimene zinatiphunzitsa kukonda wanzeru, mbiri ya Nkoloso, damu limene madzi ake amalamulira kuwala kwa mzinda, ndi anthu masauzande amene tsiku ndi tsiku amadzutsa makina akufa. Aphunzitsi alole ophunzira kulemba za Lusaka kapena Lilongwe wa mu 2100 pa chimangirizo, nyumba zoulutsira mawu zipereke nthawi kwa masewero otere, ndipo osindikiza mabuku asiye kuganiza kuti chilankhulo chathu n'choyenera nkhani za maukwati ndi maliro zokha. Ngwazi imene tikuifuna isakhale yopanda chilema, ndiponso isapambane yokha, pakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ikhale ndi mantha, ikhale ndi abale oidalira, ilakwitse n'kuyambiranso, ndipo ikafika pa vuto lalikulu iganize m'chilankhulo chimene owerenga ake amaganizira.