Ngongole ikadzaza tsamba, matemba sakwera galimoto

Foni imalira m'bandakucha. Ndi mayi wa ku Limbe amene timawatumizira nsomba chaka ndi chaka: "Achimwene, ndisungireni matumba atatu a matemba, ndalama ndikutumizirani ndikagulitsa." Kuno kwa Kawinga, kufupi ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa, malonda ambiri amayenda chonchi. Asanayankhe, mwini nsomba amayamba watsegula kope.

M'kopemo kasitomala aliyense ali ndi tsamba lake, ndipo pamwamba palembedwa malire a ngongole yake. Tinene kuti mayiwa malire awo ndi matumba anayi, ndipo awiri a ulendo wapita sanalipire. Ndiye kuti lero angotenga awiri. Lachitatulo lidikira mpaka uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ulowe. Ena amati uku n'kuuma mtima. Ife timati ayi, chifukwa anyamata okoka khoka akufuna malipiro awo lero lomwe, ndipo wa nkhuni zowambira milamba sadikira msika wa ku Limbe.

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'kutsegula kope mochedwa, katundu atamangidwa kale, galimoto yopita ku Ntaja ikuliza hutala. Pamenepo kukana kumavuta. Mukatsitsa thumba, matemba ouma amafumbutuka ndipo mtengo umagwa. Mukalisiya lipite, ngongole yadumpha malire. Kope tiziliona pomwe foni yalira, tisanalonjeze kanthu.

Alimi nafe zimatigwera, kungoti ife timakhala mbali inayo ya kauntala. Wa sitolo akatiikira malire m'makwacha, malirewo amafota okha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo ngongole imene kale inkatulutsa matumba awiri a feteleza idayamba kuperewera, mpunga uli kudikira kudimba. N'chifukwa chake ena mwa ife timapangana malire powerenga matumba, osati ndalama.

Malirewo asakhalenso amuyaya. Pamene Chilwa idaphwa mu 2018, amene ankalipira bwino adalephera, osati mwadala. Sura ya Baqara, ndime 282, imatilamula kulemba ngongole ndi nthawi yobweza pamaso pa mboni, ndipo ndime 280 imatiuza kumudikira amene wapanikizika. Kumudikira sikutanthauza kumuwonjezera katundu wina. Ngongole yakale timaipatsa nthawi popanda chiwongoladzanja, koma oda yatsopano imachoka ndalama zikalowa.