Chithunzi Choona Kuseri kwa Nkhama

Anzanga, patchuthi chapitachi ndinaperekeza amai anga kuchokera kwathu ku Ndirande kunka ku chipatala cha Gulupu, chifukwa mano ao awiri a m'munsi anali kugwedera. Chodabwitsa nchakuti manowo analibe bowo, ndipo sanawapwetekepo nkamodzi komwe.

Dotolo anaika kanthu kaphanthiphanthi m'kamwa mwao, nandiuza kuti ndiyambe ndatuluka, najambula. Pambuyo pake anationetsa chithunzicho, ndipo zimene ndinaphunzira pamenepo ndizo ndifuna kukuuzani.

Dzino liri ngati mtengo wa m'mbali mwa mtsinje wa Mudi: muzu wake waima m'fupa la nsagwada monga m'dothi. Tikapanda kutsuka bwino, litsiro lokhala ndi tizilombo limakanirira polekezera nkhama, ndipo likakhalitsa limauma ngati mwala. Nkhama zimatupa, ndipo pang'onopang'ono fupa limayamba kukokoloka. Diso silingaone zimenezi popeza nkhama zaphimba. Koma kuwala kwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anakutulukira m'chaka cha 1895, kumapyola mnofu mosavuta, koma fupa ndi dzino zimakutchinga. Motero izi zimaoneka zoyera pa chithunzi, ndipo pamene fupa latha pamaoneka mdima. Kwa munthu wa mano angwiro fupa limafika pafupi ndi khosi la dzino, kusiyako mamilimita 1 kapena 2 okha. Kwa amai linali litatsika kufikira pakati pa muzu.

Fupa likatha chotere kawirikawiri silimeranso. Dotolo anapala mwala uja kuti nthenda ilekere pomwepo, koma dzino limodzi anati lidzachoka ndithu.

Ine ndinati, "Tsono aliyense ajambulitse msanga." Iye anaseka, nati chithunzi nachonso chimachedwako, pakuti fupa liyenera kuyamba ladyeka ndithu chisanaonetse kanthu. Chizindikiro choyamba ndicho magazi pa mswachi. Apa manyazi anandigwira, chifukwa m'mawa uliwonse pa mpope wa kuseri kwa nyumba yathu yogona ndinali kulavula thovu lofiira, nkumanamizira mswachi kuti ngwolimba. Ndipo si ine ndekha ai, ena a inu ndakuonani. Anandiyesa ndi kachitsulo ka timizere, napeza kuti nthenda yanga ikadali m'nkhama zokha, fupa silinakhudzidwe. Anandipala, nandiuza kuti ndikaonekenso patchuthi chikudzachi.