Mneni "Kuyenera" M'malangizo a Mapulogalamu a Kompyuta

Amisiri awiri okhala m'mayiko osiyana akhoza kupanga mapulogalamu awiri potsata chikalata chimodzi cha malangizo. Mapulogalamuwo amagwirizana pokhapokha amisiriwo atamva liwu lililonse mofanana. Vuto lalikulu limagona pa mawu osonyeza kulemera kwa langizo: kodi ndi lamulo, uphungu, kapena chilolezo?

Bungwe la Internet Engineering Task Force, limene limakonza mfundo zoyendetsera intaneti, lidakumana ndi vutoli m'Chingerezi. M'chaka cha 1997 lidatulutsa chikalata chotchedwa RFC 2119, cholembedwa ndi Scott Bradner, chimene chidagawa malangizo m'magulu atatu. Liwu loti MUST likusonyeza chinthu chokakamiza. SHOULD likusonyeza chinthu chimene mmisiri angachisiye pokhapokha pali chifukwa chomveka, ataganizira mofatsa zotsatira zake. MAY likusonyeza chinthu chongosankha. M'chaka cha 2017 chikalata cha RFC 8174 chidaonjeza kuti matanthauzo apaderawa amagwira ntchito pokhapokha mawuwo atalembedwa m'zilembo zazikulu.

Womasulira malangizo otere m'Chichewa amapeza kuti mneni "kuyenera" amasenza magulu awiri oyambawo. Chiganizo choti "Pulogalamu iyenera kubisa nambala yachinsinsi" sichinena ngati limeneli ndi lamulo kapena uphungu chabe. Mmisiri amene wamva ngati uphungu akhoza kulisiya, ndipo chinsinsi cha anthu chidzaululika. Mneni "kukhoza" nayenso ali ndi matanthauzo awiri. "Pulogalamu ikhoza kufufuta fayilo" ndi chilolezo kwa wowerenga wina, pamene kwa mnzake ndi chenjezo la ngozi.

Njira yabwino ndiyo kupatsa gulu lililonse mawu akeake, motere:

1. Chokakamiza: "ndi lamulo kuti".
2. Cholangizidwa: "ndi bwino kuti".
3. Chongosankha: "n'kololedwa kuti".
4. Chokanizidwa kotheratu: "n'koletsedwa kuti".

Mawu amenewa atanthauzidwe kumayambiriro kwa chikalata, ndipo asasinthidwe mpaka kumapeto.

Apa akonzi ndi aphunzitsi asamale. M'chimangirizo ndi m'nthano wolemba amayamikiridwa akamasinthasintha mawu popewa kubwereza. M'malangizo a kompyuta mkonzi amene wachotsa "ndi lamulo kuti" n'kuikapo "ndi bwino kuti" pofuna kukometsa chiganizo wasandutsa lamulo kukhala uphungu, ndipo mmisiri adzatsata zimene wawerengazo.