Anavula nambala m'khosi, natenga dzina ndi dziko

Kale munthu wamtundu wa Inuit, kumpoto kwa Canada, akafika pamaso pa wapolisi kapena namwino wa boma, dzina lake silinkawerengedwa kanthu. Ankapisa dzanja m'chovala chake chachikopa n'kutulutsa kachinthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo, komangidwa pachingwe m'khosi. Pakachinthuko panali chilembo E kapena W, kusonyeza kum'mawa kapena kumadzulo, kenako nambala. Kuyambira m'ma 1940, akuluakulu a boma ku Ottawa, likulu la Canada, ankati maina a anthuwa ngovuta kutchula, choncho mwana wopatsidwa dzina la agogo ake ankalowa m'kaundula ngati thumba la chimanga.

Osati zokhazo. Mu 1953 boma linakweza mabanja a ku Inukjuak m'sitima yapamadzi n'kukawatula kumadera a Resolute ndi Grise Fiord, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kumpoto, kumene dzuwa limabisala miyezi yathunthu. Anawalonjeza kuti pakatha zaka ziwiri ofuna kubwerera adzabwerera, koma lonjezolo linangothera m'malere. Pagululo panali kamnyamata kotchedwa John Amagoalik.

Tsono imvani mmene zinthu zinatembenukira! Poyamba Abe Okpik, mmodzi wa anthu a mtunduwu, anayenda mudzi ndi mudzi kulemba maina amene eniake anasankha, ndipo tinambala tija tinayamba kugwa m'makosi. Mu 1971 anthuwa anakhazikitsa bungwe la Inuit Tapirisat of Canada, ndipo mu 1976 anakatula pempho ku Ottawa: tikufuna dera lathulathu. Sanagwire mfuti. Anagwira mapu osonyeza kumene makolo awo ankasaka ndi kuwedza, n'kukhala pampando wokambirana chaka ndi chaka osatopa. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1993 mgwirizano unasainidwa: malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 350,000 anakhala awoawo, pamodzi ndi ndalama zopitirira madola 1 biliyoni a ku Canada.

Ndiye linafika tsiku la 1 Epulo 1999. Pakati pa usiku, thambo la ku Iqaluit, likulu la dera latsopanolo, linangoti ngwee ndi makombola achikondwerero, anthu ataima pachipale chofewa kuzizira atakuiwala. Kunabadwa Nunavut, kutanthauza "dziko lathu" m'chilankhulo cha Inuktitut. Dera limeneli ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a Canada yense! Nduna yaikulu yoyamba inali Paul Okalik, loya wazaka 34 zokha. Nanga kamnyamata ka m'sitima kaja? Amagoalik ndiye anatsogolera komiti yokonza boma latsopanolo, ndipo lero amatchedwa tate wa Nunavut.

Lowani m'nyumba yawo ya malamulo, mtima ukhale m'malo. Mipando anaiyala mozungulira ndipo anaikuta ndi zikopa za nyama yam'madzi yotchedwa seal. Ndodo yaulemu ya nyumbayo anaisema kuchokera ku nyanga ya chinsomba cha narwhal. Zipani mulibe, aphungu amasankha okha nduna, nkhani n'kumaimanga mogwirizana, poti mutu umodzi susenza denga. Chi-Inuktitut chimene ana ankalangidwa nacho kusukulu zogonera komweko, lero chikumveka pakamwa pa aphungu.

Mavuto alipo ndithu: nyumba n'zochepa, chakudya m'sitolo n'chodula. Koma amene akuwakambirana tsopano ndi eni nthaka, ndipo Ottawa inaphunzira kugogoda isanalowe. Mu 2010 boma linapepesa chifukwa cha kusamutsa mabanja kuja. Mu 2021 mayi Mary Simon anakhala munthu woyamba wamtundu wa Inuit kukhala Bwanamkubwa Wamkulu wa Canada.

Chondisangalatsa koposa ndi cha mu Januwale 2024. Justin Trudeau, nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, anapita mwiniwake ku Iqaluit kukasaina mgwirizano wopereka ulamuliro wa malo ndi chuma chapansi m'manja mwa Nunavut. Amene anasaina m'malo mwa boma la Nunavut anali nduna yaikulu P.J. Akeeagok, yemwe anakulira ku Grise Fiord, mudzi womwe uja anthu anatayidwa ngati katundu. Anatenga cholembera n'kulemba dzina lake.