Lilime la Khoswe Ndiye Mlonda Wake

Patchuthi chapitachi kwathu ku Malembo makoswe anaboola matumba athu a usipa wouma. Bambo anathira mankhwala pa nsima, koma makoswewo anangolawa n'kuisiya. Chifukwa chake ndinakachipeza m'phunziro la Biology.

Mukaliona pa maikulosikopu, lilime la khoswe si losalala ayi. Lili ndi timinofu totumphuka ta mitundu inayi. Tambiri ndi tosongoka ngati minga. Timeneti timagwira chakudya koma sitimva kukoma. Pakati pake pali tina tonga bowa, ndipo kalikonse kali ndi kachiwalo kamodzi kolawira. M'mbali chakumbuyo muli tonga masamba. Chakukhosi kuli kamodzi kokha kozingidwa ndi kangalande, pamene ife anthu tili nato pafupifupi 8 mpaka 12.

Khoswe satha kusanza. Choncho chakudya chachilendo amayamba walawa pang'ono, n'kudikira. Chikamudwalitsa, amakumbukira kakomedwe kake ndipo sachikhudzanso. N'chifukwa chake mankhwala onga warfarin amapha patapita masiku angapo, khosweyo osadziwa chomwe chamupweteka.

Makolo, mwana wokwawa alibe kuchenjera kotereku. Nsima ya mankhwala muziiika pomwe iye sangafike.