Kachilombo ka Kolera Kamadziwa Kubisala

Tsiku lina tikuphunzira za twahara ku madrasa, mwana wina adandifunsa kuti: "A Mwalimu, kolera timamumva nthawi ya dzinja. Nanga m'chilimwe amapita kuti?" Yankho lake nlakuti sapita kutali. Amabisala m'madzi momwemo.

Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae, kosaoneka ndi maso. Kalibe mphuno ngakhale makutu, koma Allah adakalenga kotha kuzindikira kuzizira, kutentha, mchere ndi kusowa kwa chakudya pamalo pamene kali.

Zinthu zikavuta, tizilomboti timachita zinthu ziwiri. Choyamba, timaunjikana pamodzi nkudzikuta ndi zoterera zimene timatulutsa tokha, kenaka timamatirira pa ndere ndi pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi tofanana ndi nkhanu. Titakutidwa choncho, mankhwala amavutika kutifika. Chachiwiri, timagona. Timachepetsa thupi, timaleka kuswana, nkumadikira nyengo yabwino. Kugona kumeneku adakufotokoza mu 1982 ndi katswiri wa ku America, mayi Rita Colwell, pamodzi ndi anzake.

Munthu akamwa madzi otere, asidi wa m'mimba amapha tizilombo tambiri, koma tokutidwa tija timapulumuka mosavuta. Tikafika m'matumbo timamva kufunda kwa thupi ndi ndulu, ndipo timadziwa kuti tafika. Apo mpamene timayamba kutulutsa poizoni wotsegula m'mimba mwa madzimadzi onga otsukira mpunga. Katswiri wina, mayi Bonnie Bassler wa ku Princeton, adaonetsa kuti tizilomboti timawerengana pogwiritsa ntchito timankhwala timene timatumizirana. Tikaona kuti tachuluka, timaleka kugwira matumbo nkutuluka ndi chimbudzi kukafuna munthu wina. Subhanallah!

Ife a Malawi izi tidaziona ndi maso. Mliri umene udayambira ku Machinga mu Marichi 2022 sudathe mvula itasiya. Udapitirira chilimwe chonse, ndipo pofika mu 2023 udali utapha anthu oposa 1,700.

Pano pali phunziro kwa ife Asilamu. M'maphunziro a fiqhi timati madzi ambiri amene sadasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe ndi oyenera kuchitira wudhu. Izi nzoona, koma lamulo limeneli likunena za swala. Silikunena kuti madziwo ndi abwino kumwa. Madzi oyera mbee angathe kusunga kolera. Tikumbukirenso kuti pochita wudhu timachukucha mkamwa.

Nanga tichite chiyani? Madzi akumwa awire mpaka kubwadamuka, kungowafunditsa sikokwanira. Mukathira klorini, thirani mlingo umene a zaumoyo anena ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Mtsuko ndi ndowa tisamangotsukuluza. Tikweche mkati ndi sopo mpaka kuterera konse kuthe, chifukwa m'zoterera zotere ndi mmene tizilombo timabisala. Akuluakulu a m'mizikiti achite chimodzimodzi ndi mathanki ndi mabirika a madzi a wudhu.

Ngakhale nsalu imathandiza. Ku Bangladesh, gulu la mayi Colwell lidaphunzitsa amayi kusefa madzi ndi nsalu ya sari yopinda kanayi, ndipo zotsatira za mu 2003 zidaonetsa kuti odwala kolera adachepa pafupifupi ndi theka. Nsaluyo imagwira tinyama timene tizilombo timamatirirapo. Komabe kusefa sikulowa m'malo mwa kuwiritsa.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, m'patseni madzi a ORS nthawi yomweyo ndipo thamangirani naye kuchipatala akumwabe panjira. Kolera angathe kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chabe.

Thupi ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo ana athu ndi amana yoposa. Timupemphe atiteteze, koma nafenso tiyambe lero ndi mtsuko wa m'nyumba mwathu. Allah atipatse thanzi ndi nzeru. Ameen.